Kalongonda wa ku Chonde ndi lipoti langa la semesita ino

Pa kosi ya mbiri ndi chikhalidwe tinapatsidwa ntchito yoti aliyense apite kumalo koonetsera miyambo ya makolo, akaone ndi maso ake, abwere alembe lipoti. Ambiri m'kalasi mwathu kuno ku Zomba anathamangira ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni Centre mu 1976. Sindikuwanena, pakuti kumeneko zinthu n'zosanjidwa kale: zipinda za Chamare Museum zimakuyendetsa bwinobwino pa miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ine ndi anzanga ochepa tinasankha Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, m'boma la Mulanje, womwe umachitika mu Okutobala. Alhomwe tili nawo konkuno, ku Jali, ku Mayaka, ngakhale mumsika waukulu wa m'tauni, ndiye ndinkafuna kuona ngati zimene amaonetsa pabwalo zikufanana ndi zimene zili m'makomo.

Za magule sindichulukitsa. Tchopa ndi yemwe amakoka anthu, ndipo bungwe la UNESCO linamulemba pa mndandanda wake wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2014. Ovina amabereka mitolo yodzaza zikopa, zida zosakira, zidole ndi ziwiya zakale, poti guleyu ankavinidwa pothokoza mizimu zokolola zikachuluka, alenje akabwerako bwino, kapena popempha mvula. Zolankhula za akuluakulu zinatalika monga mwa masiku onse. Mwambo wa Mulhakowu unayamba mu 2008 Bingu wa Mutharika ali mtsogoleri wa dziko, choncho mkangano woti kodi ndi chikhalidwe kapena ndale sunathepo, ndipo mnzanga wina lipoti lake lonse wathera pomwepo.

Langa lathera pa mphika. Kuseri kwa bwalo kunali amayi oyala zakudya: makaka ophika ndi nandolo, thobwa, nsima ya mapira, ndipo chapafupi anyamata anaunjikana pa mizu ya gondolosi akuseka chamumtima. Ndinakhala pansi pafupi ndi mayi wina wachikulire amene anali ndi beseni la kalongonda. Nyembazi ndi zikuluzikulu, zofewa zikapsa, ndipo zala za mayiwo zinali zitada m'mbali mwa zikhadabo chifukwa chosenda.

“Agogo, mwayamba nthawi yanji kuphika?” ndinafunsa.

“Iwe mwanangu, ufunse tsiku, osati nthawi,” anayankha, uku akundipatsa pang'ono pa tsamba.

Anandilongosolera mosathamanga. Umawiritsa koyamba mpaka khungu litakhwepa, n'kusenda imodziimodzi. Madzi oyambawo amada bii, ndipo umakataya kutali ndi nkhuku ndi mbuzi. Kenaka uthira ena, uwiritsenso, utaye, uthirenso, mpaka madzi atayera. Mchere umabwera kumapeto penipeni. Wofupikitsa njirayi amadyetsa anthu chizungulire, kusanza ndi kubwebweta ngati woledzera. Anandiuzanso nthano imene Alhomwe amaikonda, yoti ankhondo a Chingoni anapeza miphika ya kalongonda wosapsa eni ake atathawa, n'kudya, osadzukanso. Ndailemba m'lipoti ngati nthano, koma ntchito yake ndi yoonekeratu: mwana akaimva sangabe m'mphika usanaphulidwe.

Nditabwerako ndinakawerenga za chomerachi. Ndi m'bale wake wa chitedze, asayansi amati Mucuna pruriens, ndipo chimene agogowo amataya ndi madzi akuda aja ndi L-dopa, mankhwala omwewo amene madokotala amapereka mwa muyeso kwa odwala Parkinson, matenda onjenjemeretsa thupi. Alangizi a zaulimi nawonso amalimbikitsa chomerachi chifukwa chimabwezeretsa chonde m'nthaka. Agogowo mayina amenewa sakuwafuna. Muyeso wawo ndi mtundu wa madzi, ndipo sanaphonyepo.

Apa mpamene mbiri ya m'kalasi inandimvekera. Alhomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, cha ku phiri la Namuli, kuyambira m'ma 1890, pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anafikira pa minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, n'kugwa m'thangata. Munthu wogwira ntchito ya mwini malo nthawi ya dzinja sapeza mpata wosamala chimanga chake, choncho chinangwa, nandolo ndi kalongonda, mbewu zopirira zosafuna kuziyang'anira tsiku ndi tsiku, ndizo zinasunga mabanja. Zakudya zomwezi zinasanduka chotonzera. Anthu ankawaitana ndi dzina lachipongwe loti Anguru, mpaka Lewis Bandawe ndi anzake atayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 n'kupempha boma lachitsamunda kuti lisiye kuligwiritsa ntchito. Ukadziwa zimenezi, kuona bwana wa tayi akudya makaka pagulu, makamera akumujambula, si nkhani yaing'ono ayi.

Titakambirana m'kalasi, mnzanga wina anati zonsezi ndi chionetsero cha tsiku limodzi, mawa lake aliyense wabwerera ku chipisi ndi soya. Aphunzitsi sanaweruze, anangotiuza kuti aliyense ateteze mfundo yake ndi umboni. Ine ndikuti mnzangayo wanena zoona theka. Manyazi pa zakudyazi anachepa, ndipo pamenepo mwambowu wathandiza. Koma pabwalo pamafika mbale yopsa kale. Kusenda, kutaya madzi, kudziwa kuti tsopano zatheka, zonsezo zimachitikira kuseri usiku, ndipo pa onse amene ndinawaona akugawa kalongonda panalibe wa msinkhu wanga.

Ndinkayembekeza kuti agogo aja adandaula za achinyamata osamva, monga achitira akuluakulu ambiri. Iwo anadandaula za nkhuni. Mphika wofuna moto usana wonse ndi usiku womwe sungapikisane ndi ndiwo zopsa msangamsanga, makamaka pomwe mtolo wa nkhuni uli wogula ndipo mitengo m'mapiri yatha. Aliyense wokwera njira ya ku Ku Chawe amakumana ndi njinga zotsika ndi nkhuni, ndipo amaona m'mene phiri lathu layerera. Choncho mutu wachitatu wa lipoti langa, umene ndinaukonzera magule, ndausintha: ukhala wa nkhuni ndi makala, ndipo mafunso ake ndikukafunsa amayi ogulitsa zophikaphika pamsika wa Jali.