Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku lomwe chithunzi chinathawa pa monita

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ananditenga kukhala wothandizira gulu la kamera. Ntchito yanga miyezi yoyamba ija inali kebo basi. Kukoka kebo ya SDI, yomwe imanyamula chithunzi, kuchoka pa kamera mpaka ku tenti komwe amakhala dayirekita ndi mamonita ake, komwe amati video village, kenako kuikulunga, kenako kuikokanso, pofika madzulo manja ali bii. Kamera ikasuntha nawe usunthe, ndipo wina akangoponda kebo ija kamutu ka BNC kamagwedera, chithunzi zii, maso onse kwa iwe.

Ndiye tsiku lina anabweretsa timabokosi tiwiri tokula ngati chikhatho, tili ndi tinyanga take, totumizira chithunzi popanda kebo. Kamodzi timamangirira pa kamera, ndiye transimita imeneyo, imadya moto wa batire la kamera kudzera pa kawaya ka D-tap, kenako kachiwiri, risiva yolandira chithunzi, kuseri kwa monita. Pa seti anthu amangoti Teradek, dzina la kampani yopanga timabokosi totere, ngakhale kabokosiko katakhala ka kampani ina. Ine ndinafunsa mwaumbuli kuti bwanji osangotumiza chithunzi pa wifi ngati timachitira pa foni, achimwene ena omwe ankagwira fokasi, ntchito yoonetsetsa kuti chithunzi chisachite chimbuuzi, anandikhazika pansi. Anati vuto ndi kuchedwa. Tikamajambula mafulemu 25 pa sekondi, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 40, ndiye iwo amaima patali ndi kamera, kagudumu ka fokasi kali m'manja, maso pa monita. Chithunzi chikafika mochedwa ndi mafulemu atatu okha ndiye kuti wosewera uja wasendera kale, maso ake achita chimbuuzi, shoti yafa. Timabokosi ta Teradek ta mtundu wa Bolt timafikitsa chithunzi mosakwana milisekondi imodzi, diso silingaone kusiyana, n'chifukwa chake timadalirika.

Achimwenewa ndi omwe anandiuzanso kuti kale dayirekita sankaona zomwe kamera ikuona, ankadikira filimu itsukidwe adzaonere mawa lake. Jerry Lewis ndi amene amatchulidwa kwambiri kuti cha m'ma 1960 anayamba kulumikiza kamera ya vidiyo ndi monita kuti azidziona yekha, poti ankasewera komanso kutsogolera. Nkhani imeneyi inandikhala mumtima, moti mpaka pano ndikamayatsa monita ndimaikumbuka.

Tsopano tsiku lenilenilo. Tinali mu holo yaikulu ya zipilala za konkire, shoti ya Steadicam, kamera yomangirira pathupi ija yomwe Garrett Brown anapanga m'zaka za m'ma 1970. Kamera imatsatira mayi wina akudutsa pakati pa khamu kufunafuna mwana wake, apa kebo siingatheke ndi pang'ono pomwe, ingakole anthu miyendo. Poyeserera zonse zinayenda bwino, chithunzi mbee, koma nthawi imeneyo holo inali yopanda anthu. Atalowetsa ma extra onse, anthu osewera ngati khamu aja, n'kukuwa kuti action, kamera itangokhota kuseri kwa chipilala chachiwiri chithunzi chinayamba kuthetheka, kenako monita yonse bii. Dayirekita anakuwa cut, mayi uja anali atayamba kale kugwetsa misozi yeniyeni, ndipo misozi yotero simangoiitana ngati madzi a pampopi. Mtima wanga unagunda ngati ng'oma.

Achimwene aja sanakalipe. Anangobwera pafupi n'kunong'ona, "Mphwanga, risiva waiika pati?"

"Ili pa tebulo achimwene, pafupi ndi monita."

"Tayang'ana pakati pa tebulolo ndi kamera pali chani."

Panali anthu. Mitu, misana, mapewa. Mafunde amenewa amayenda pa 5 GHz, amafuna kuti transimita ndi risiva zizionana, ndipo thupi la munthu poti ladzaza madzi limawameza, konkire ndi zitsulo ndiye usanene. Ine ndinaika risiva m'chiuno mwa khamu. Ndinathamanga kukatenga C-stand, choimikira chachitsulo cha miyendo itatu, kumangirira risiva pamwamba, kuikweza kupitirira mitu ya anthu onse, thumba la mchenga pa mwendo kuti isagwere munthu, tinyanga kutiimika bwinobwino. Kuchoka pamenepo kebo yaifupi kutsikira ku monita, eya kebo yomwe ija ndinkaida inabwereranso. Tinapemphanso anthu azimitse ma hotspot a m'mafoni chifukwa wifi nayo imapanikizana m'mafunde omwewo, n'kusintha chanelo. Zonsezi mwina mphindi zisanu koma kwa ine zinali ngati chaka.

Titabwereza kujambula, take yachiwiriyo sindinaione ngati filimu, ndinkangoyang'ana timizere ta siginolo pakona pa monita, milomo ikunjenjemera. Chipilala choyamba, chachiwiri, chachitatu, chithunzi chili nji. Kenako kamera inafika pankhope ya mayi uja, ndinaona chala cha achimwene chikupotokola kagudumu pang'onopang'ono, nsidze za mayiyo zikuoneka imodziimodzi, dontho la msozi lili lende pachibwano. Dayirekita anali atagwira pakamwa, mayi wolemba continuity, woonetsetsa kuti mashoti akugwirizana, anasiya kulemba. Anthu onsewo akupumira limodzi chifukwa cha chithunzi chodutsa mumpweya kuchoka pa kabokosi komwe ndinamangirira ine ndi manja angawa. Kunena zoona ndi pomwe ntchitoyi ndinaikondera, ngakhale palibe woonera filimu amene adzadziwe kuti kunali munthu wokweza risiva.

Madzulo tikulongedza, achimwene anandipatsa kesi yonse ya mawayalesi, anati kuyambira mawa ndiwe uziyang'anira izi, ufike msanga uyende njira yonse ya kamera monita ili m'manja tisanayambe. Ndinagona mochedwa usiku umenewo ndikutchaja mabatire n'kumamata tepi ya mitundu pa risiva iliyonse kuti ya kamera A isasokonezeke ndi ya kamera B. Sabata yotsatira tinakajambula galimoto ikuthamanga, dayirekita ali m'galimoto ina kumbuyo, imeneyo ndidzakusimbirani mu gawo 10.