Nkhani ya mabuku 66 ndi 73 yandichititsa manyazi

Loweruka lapitali pa kosi yathu ya Baibulo tinaphunzira m'mene mabuku a m'Baibulo anasonkhanitsidwira, ndipo ine ndinabwerako nditagwa nkhope. Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuphunzitsa ana a kalasi kutchalitchi kwathu ndipo funso lomwe silisowa ndi lakuti, "Aphunzitsi, bwanji Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku ambiri kuposa lathu?" Yankho langa linali lachidule, anawonjezera basi, kenako n'kutsegula Chivumbulutso 22:18, vesi lochenjeza aliyense wowonjezera pa mawu a m'buku, n'kuwerenga mokweza mawu, anawo n'kumangogwedeza mitu. Kani ndinkanamiza ana a eni ake.

Chipangano Chatsopano palibe mkangano, tonse tili ndi mabuku 27. Kusiyana kuli ku Chipangano Chakale, ife 39 iwo 46, ndiye mukaphatikiza ndi 66 ndi 73 muja. Asanu ndi awiri otsalawo ndi Tobiti, Yuditi, Lunzu, Mphunzitsi Sira, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo, komanso pali timagawo tina towonjezera mu Estere ndi Danieli.

Tsono apa ndi pomwe panandizunguza mutu. Mabukuwa sanalembedwe ndi papa ayi, ndi a Ayuda, ndipo ambiri mwa iwo analipo kale Yesu asanabadwe. Ayuda omwe ankakhala ku Alexandria ku Egypt ankayankhula Chigiriki, ndiye Malemba anamasuliridwa m'Chigiriki, Baibulo limenelo ndi lomwe amati Septuagint, ndipo Akhristu oyambirira ambiri ankawerenga limeneli limodzi ndi mabuku amenewa pomwe mndandanda wa Ayuda wa Chiheberi sunawatenge. Ndiye mkangano weniweni ndi woti titsate mndandanda uti, wa Chiheberi kapena wa Chigiriki, ndipo ndi wakalekale, ngakhale Jerome pomasulira Baibulo m'Chilatini cha m'ma 400 anali akuunena kale.

Martin Luther amene ine ndinkaganiza kuti anawataya, sanawataye. M'Baibulo lake la Chijeremani la 1534 anawaika pakati pa zipangano ziwirizi n'kunena kuti si ofanana ndi Malemba Oyera koma ndi abwino kuwerenga. Akatolika nawo pa msonkhano wa ku Trent mu 1546 anatsimikiza kuti kwa iwo ndi Malemba. Ngakhale King James ya Chingerezi ya 1611, yomwe azibusa ena amailumbirira ija, inatuluka ili nawo mabukuwa. Anadzayamba kusowa kwenikweni bungwe la British and Foreign Bible Society litagamula mu 1826 kuti lisamawasindikizenso. Ndiye n'zosadabwitsa kuti Buku Lopatulika lomwe William Murray ndi anzake anamasulira, lija tinakula nalo ife, mulibe Tobiti. A Orthodox a ku Ethiopia ndiye ali ndi 81, koma zimenezo tizisiye kaye.

Nanga vesi langa lija? Aphunzitsi athu anangofunsa modekha kuti, "Achimwene, pomwe Yohane amalemba mawu amenewo, Baibulo lachikuto chimodzi linalipo?" Ndinakhala chete. Mawuwo akunena za uneneri wa m'buku la Chivumbulutso lomwelo, ndipo chenjezo langati lomweli lilinso pa Deuteronomo 4:2, tikati tiligwiritse ntchito m'mene ndinkachitira ine ndiye kuti Yesaya, Masalimo ndi Mateyu yemwe onse ndi owonjezera.

Sikuti ndasintha mpingo, musandimve molakwika. Ndikuonabe kuti kutsata mndandanda wa Chiheberi kuli ndi maziko ake, ndipo nkhani yopempherera akufa ya pa 2 Amakabeo 12 sindinagwirizane nayobe mpaka pano. Koma kunena kuti anzathu anangodzuka tsiku lina n'kusokerera mabuku ndi bodza, ndipo ndalinena kambirimbiri pamaso pa ana.

Ndabwereka kwa alamu anga Buku Loyera lokhala ndi mabuku asanu ndi awiriwa, iwo ndi Akatolika ndipo anaseka kwambiri pondipatsa. Ndayamba ndi Tobiti, muli mngelo Rafaele, nsomba yomwe ndulu yake ikuchiza maso, ngakhale galu woperekeza mnyamata pa ulendo, ndawerenga usiku umodzi wokha mpaka kumaliza. Lamulungu likubwerali ndikuyenera kukaima pamaso pa ana aja n'kuwauza kuti aphunzitsi awo analakwitsa, ndipo pali kamtsikana kena kofunsa mafunso kamene ndikudziwiratu kuti sikandisiya.