Sabata yomwe lamba anaduka

Lolemba m'mawa, tiyi tisanamwe n'komwe, lamba wa elevetala yokweza chimanga anaduka. Ndinamva phokoso ndili ku shopu yokonzera makina, timabigiri tonse tikugwera pansi ngati mbale zagwa pathandala. Mota inalibe vuto, zigayo zinalibe vuto, koma fakitale yonse inangoti zii.

Abwana anaitana aganyu kuti azisenza matumba a makilogalamu 50 kukwera nawo masitepe. Lachiwiri lonse anali pa kalikiliki, thukuta lili kamukamu, chimanga chikutayikira m'njira, china akuchiponda ndi nsapato zamatope. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anati, "Madala, kale ankagaya chonchi?" Ndinamuuza za Oliver Evans.

Evans anabadwa mu 1755 ku Delaware, ku America. M'zigayo za tirigu za nthawi yake anthu ankasenza matumba ngati aganyu athuwa, ndipo ufa wotentha ankauyanika pansi kuti uzizire, uku akuuponda. Zimenezi zinkamunyansa. Cha m'ma 1780, pa mtsinje wa Red Clay Creek, anamanga chigayo chomwe gudumu lamadzi linkayendetsa zonse: timabigiri ta pa lamba tokweza tirigu, chopota chokankha ufa m'ngalande, ndi chinthu chonga chipeso chachikulu chozungulira chofalitsa ufa, chimene anachitcha hopper boy potengera mnyamata amene ankagwira ntchitoyo. Chilichonse pachokha sichinali chodabwitsa. Iye ankaona chigayo chonse ngati makina amodzi, tirigu alowe uku, ufa utulukire uko, wopanda dzanja la munthu pakati. Anzake ankalimbana ndi miyala yoperera, iye maso ake anali pa mipata ya pakati pa makina.

Mu 1790 analandira patenti, chikalata cha boma choletsa ena kukopera luso lake popanda chilolezo, yomwe inali yachitatu m'dziko lonselo, ndipo pulezidenti George Washington anagula chilolezo n'kuika zipangizozo m'chigayo chake. Koma eni zigayo a ku Brandywine, oyandikana naye, anayamba azengereza, ndipo ena pambuyo pake anangokopera osalipira. Milandu inamutopetsa moti mu 1809 anasonkha moto ndi mapepala a zinthu zimene ankafuna kupanga. Pamenepo sindigwirizana naye, ngakhale mtima wake ndikuumvetsa.

Lamba watsopano anafika Lachitatu madzulo. Lachinayi tinaswera tikumangirira timabigiri, kalikonse mabawuti awiri, mutu wa bawuti uzilowa m'lamba kuti usamakhule pule, gudumu loyendetsa lamba. Zala zinachita matuza. Nditakwera pamwamba ndinapeza chimene chinatigwetsera: beyaring'i, pomwe pamazungulira shafuti (chitsulo chogwira pule), inali itatha, shafutiyo yapendekeka, lamba ankakhula m'mbali mpaka kunyenyeka. Beyaring'i imeneyi ndinailemba m'lipoti kawiri konse. Ndalama zokonzera chigayo zimatuluka tsiku lomwelo, koma za elevetala amati tidikire mwezi uthe, chifukwa elevetala sigaya ufa.

Lachisanu cha m'ma 10 koloko tinayatsa. Ndinaika khutu pa chitsulo kumvetsera ngati kabigiri kena kakugunda, ndipo ndinangomva chimanga chikuwayawaya kukwera. Aganyu anafola kulandira zawo. Mmodzi, bambo wachikulire ndithu, akupinda ndalama zake m'kathumba anandiyandikira.

"Achimwene, mwaimanga kolimba?"

Ndinati eya.

"Aaa, basi ndiye sabata yamawa tikhala pakhomo."