Mmene ndinachepetsera mayunitsi a bafa la madzi otentha kuno ku Likhubula

Pakhomo pathu tili ndi bafa lalikulu la madzi otentha, lomwe ambiri amangoti jacuzzi. Tinaliika chifukwa cha alendo amene amagona kwathu akatsika m'phiri la Mulanje. Munthu amene wakafika pa Sapitwa, mamita 3,002 kumwambako, amabwera mawondo akunjenjemera, ndipo madzi otentha amamuthandizadi. Koma bafali linkadya mayunitsi a magetsi moti ndinayamba kuganiza zongolitseka, makamaka mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwira.

Ndinayambira pa mita. Mita yolipiriratu ya ESCOM imaonetsa mayunitsi otsala nthawi ina iliyonse, choncho ndinkalemba nambala pogona ndi podzuka bafa lili loyatsa. Usiku wina ndinalizimitsa pa bolodi ya maswitchi a magetsi, firiji ndi zina zonse zili monga mwa masiku onse. Kusiyana kwa mayunitsi otha usiku umenewo ndi otha usiku wa bafa loyatsa ndiwo mayunitsi amene bafa linkamaliza usiku popanda wolowamo, ndipo amenewa ndi omwe anandiwawa.

Masamu ake ndi awa. Kuti malita 1,000 a madzi akwere ndi digiri imodzi pamafunika mayunitsi pafupifupi 1.16. Lathu limalowa madzi ochuluka chomwecho. Madzi apampopi akakhala pa madigiri 18, kuwafikitsa pa 38 kumatenga mayunitsi 23, ndipo hita ya makilowati atatu imayaka maola pafupifupi asanu ndi atatu. Koma zimenezi zimachitika tsiku lothira madzi atsopano lokha. Masiku ena onse hita imangobwezera kutentha kumene kwathawa. Ndiye ntchito yanga inali kutseka njira zothawira.

Njira yaikulu ndi pamwamba. Bafa ili lili ngati mphika wa nyemba pamoto, chivindikiro chikapanda kukhala bwino nkhuni zimangothera nthunzi. Chivindikiro chathu chimaoneka chabwinobwino, koma chinali chitalemera moti timanyamula awiri. Siponji ya m'kati inali itamwa madzi, mbali ina nthunzi yochokera pansi, mbali ina mvula yathu ya kuno. Siponji yonyowa siisunga kutentha. M'mawa kukuzizira ndinkaika dzanja pamwamba pake n'kumva kufunda, ndipo pakati pamene chimapindikira pamatuluka kautsi ka nthunzi. Ndinagula china chokwana bwino m'milomo, chomanga ndi malamba kuti mphepo isachitukule. Pamadzi penipeni ndinayala pulasitiki ya timatuza ta mpweya, yodula mofanana ndi bafa, kuti nthunzi isafike ku chivindikiro chatsopanocho. Pa zonse zimene ndinachita, izi ndi zomwe zinaonekera msanga pa mita, ndipo amene ali ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha ayambire pamenepa.

Kenako tinakhoma denga la malata pamwamba ndi mpanda wa nsungwi mbali ya kum'mwera chakum'mawa, komwe chiperoni chimachokera. Mmisiri wa zamagetsi anatsegula matabwa a m'mbali n'kuika zotchinga kutentha mozungulira bafa ndi mapaipi. Pa mota ya pampu anasiyapo mpata, anati ikasowa mpweya imatentha n'kupsa. Ntchito imeneyo musaigwire nokha, pamakumana madzi ndi magetsi.

Nkhani imene tinakambirana nthawi yaitali ndi bambo a kunyumba inali ya madigiri. Iwo amati kutsitsa n'kukwezanso kumadya magetsi ambiri kuposa kungosiya pamodzimodzi. Ine sindinavomere, chifukwa madzi akatentha kwambiri kuposa mpweya wa panja m'pamenenso amataya kutentha mofulumira. Tsopano kukakhala kulibe alendo ndimasiya pa 30, akamabwera ndimakweza pa 37 kapena 38. Kupitirira 40 n'koopsa pa thupi la munthu, ndipo ngakhale mlendo apemphe sindilola. Chovuta ndi nthawi basi: hita yathu imakweza madigiri awiri ndi theka pa ola, ndiye kuchoka pa 30 kufika pa 38 kumafuna maola atatu ndi kuposerapo. Ndinagwirizana ndi anyamata operekeza alendo m'phiri kuti aziimba foni akangopeza netiweki potsika. Tikaona kuti papita milungu popanda mlendo, timangokhuthula madzi onse n'kuzimitsa.

Pampu yozungulitsa madzi ndinaichepetsera maola pa taima, koma sindiisiya yozima tsiku lonse. Madzi ofunda ongokhala amaswa tizilombo, ndipo klorini, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, sagwira bwino ntchito madzi akapanda kuyenda. Mayunitsi opulumutsidwa mwanjira imeneyo angabwere ndi zidzolo pa khungu la mlendo. Sefa ndimaitsuka ndi paipi mlungu uliwonse, chifukwa ikatsekeka pampu imavutika. Timabowo tolowetsa mpweya wopanga thovu ndimatitseka anthu akangotuluka, popeza mpweya umenewo ndi wa panja ndipo umaziziritsa madzi.

Chomaliza chinali giza ya sola yomwe tinali nayo kale padenga. Madzi a m'bafa timasintha pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndiye ndimasankha tsiku la dzuwa. Ndimayamba ndi madzi ozizira, kenako n'kumaonjezera a m'giza pang'onopang'ono, chifukwa otentha kwambiri atha kuononga bafa. Hita imangomalizitsa madigiri otsala. Nthawi ya chiperoni giza ya sola imangofunditsa pang'ono, choncho ndimakonza zoti tisinthe madzi mu Meyi, kenako tidzasinthenso kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala.

Magetsi akazima palibe amene amaloledwa kutsegula chivindikiro, ngakhale kungosuzumira, chifukwa chikakhala chomanga bwino madzi amangotsika pang'ono mpaka magetsi atayakanso.