Ma ball joint andigwetsa mphwayi

Makaniko wangotuluka kunsi kwa galimoto kuno ku Dedza, manja ali bii, akuti kugogoda kumene kumamveka pa galimoto yanga ndi ma ball joint, timfundo tachitsulo tomwe timalola teyala kukhota komanso kukwera ndi kutsika. Wagwedeza teyala galimoto ili pa jeke, likuchita kusewera ngati dzino la mwana.

Chondiwawa n'choti pa sports car yangayi ball joint sagulitsa payokha, imabwera yomatirira ku control arm, mkono wachitsulo wolumikiza teyala ku thupi la galimoto. Ndiye ugule mkono wonsewo, mbali zonse ziwiri, ukatero alignment, kuwongola kaimidwe ka mateyala, ikudikiranso. Wa Corolla amangothamangira ku Lilongwe n'kubwera nayo tsiku lomwelo, ine ati tiitanitse ku Johannesburg, kulipira ma rand, kwacha ili mmene ililimu!

Galimoto zotsikazi anapangira misewu ya kwawo, abale. Maenje a pa M1 sasamala zoti ndi yokongola. Panopa mundipeza pa minibasi.