Manja Ambiri M'mwamba, Koma Oganiza Angati?

Pa msonkhano wina wa kuntchito ndinakweza dzanja kuvomereza ganizo limene mumtima ndinkalikayikira. Wapampando atafunsa amene akugwirizana nalo, ndinaponya maso uku ndi uku, n'kuona manja ali m'mwamba, langanso n'kutsatira. Titatuluka, anzanga atatu anandinong'oneza, aliyense payekha, kuti nawonso sanakhutire koma anaopa kuoneka ngati okonda mikangano. M'kaundula wa msonkhanowo munalembedwa kuti tonse tinamanga chimodzi, ndipo mawu amenewo amandivutitsabe, chifukwa anali oona pa pepala pokha.

Sindikunyoza nzeru za gulu, pakuti akuluakulu sananame ponena kuti mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 1906, pa chionetsero cha ziweto ku Plymouth m'dziko la England, anthu pafupifupi 800 anapikisana poyerekeza kulemera kwa ng'ombe ina ikaphedwa ndi kusendedwa. Katswiri wa ziwerengero Francis Galton atasanja mayankho 787, anapeza kuti yankho lapakati linali mapaundi 1,207, pamene kulemera kwenikweni kunali mapaundi 1,198. Khamulo linaphonya pang'ono kwambiri. Koma chimene ambiri amaiwala pofotokoza nkhaniyi n'chakuti aliyense analemba yankho lake pa kakhadi kake. Amene anachulutsa ndi amene anachepetsa anakonzana okha, chifukwa zolakwa zawo zinali zosiyanasiyana.

Zinthu zimasintha anthu akayamba kuyang'anana nkhope asanayankhe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, katswiri wa za maganizo a anthu Solomon Asch wa ku America ankaonetsa anthu mizere yojambulidwa pa makhadi n'kuwafunsa kuti ndi uti wofanana kutalika ndi mzere wina. Funsoli ngakhale mwana akanalikhoza. Komabe m'chipindamo onse kupatula mmodzi anali atapanganiratu kupereka yankho lolakwika mokweza, ndipo mwa anthu anayi alionse amene ankayesedwa, pafupifupi atatu anatsatira gululo kamodzi kapena kuposerapo, maso awo akuona zina. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti pakangopezeka munthu mmodzi yekha wonena zoona, ambiri ankalimba mtima n'kuyankha molondola. Tsiku lija ine ndikanatha kukhala munthu mmodziyo, ndipo anzanga atatu aja akanapeza poyambira.

Choncho manja 12 okwezedwa angathe kukhala maganizo 12, koma angathenso kukhala ganizo la munthu mmodzi limene enawo angolibwereza. Woyang'ana ali kunja sangasiyanitse, ndipo apa ndi pamene pagona vuto.

Ngakhale akatswiri sapulumuka. Mu 1847, dokotala Ignaz Semmelweis anazindikira kuti amayi ambiri obereka pa chipatala chachikulu cha ku Vienna ankamwalira chifukwa madokotala ankachokera kopima mitembo n'kukawagwira osasamba m'manja mokwanira. Atalamula kuti azisamba ndi madzi a klorini, imfa zinatsika kwambiri m'miyezi yochepa chabe, komabe madokotala ambiri a nthawi imeneyo anakana maganizo ake, ndipo iye anamwalira mu 1865 asanaone akuvomerezedwa. Wamisala anaona nkhondo, koma omumvera anasowa.

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa nkhani ya Semmelweis imakoma m'makutu mwa aliyense wouma khosi. Munthu akatsala yekha pa mtsutso sizitanthauza kuti walondola, ndipo kawirikawiri amakhala kuti wasokera ndithu. Dokotala uja anali ndi ziwerengero za omwalira mwezi ndi mwezi zimene aliyense akanatha kuzifufuza, ndipo umboni umenewo ndi umene gulu linkayenera kuuyeza m'malo mowerengana mitu.

Ndikuvomerezanso kuti kuvota kuli ndi ntchito ina yaikulu. Pa nkhani zimene zilibe yankho limodzi lolondola, monga kusankha mtsogoleri kapena kugawa chuma cha gulu, kutsatira ambiri kumathetsa mkangano mwamtendere ndipo ogonja amadziwa kuti mawu awo anawerengedwa. Chimenecho n'chamtengo wapatali, koma n'chosiyana ndi kupeza choonadi. Mavoti sangasinthe kulemera kwa ng'ombe ngakhale ndi paundi imodzi.

Masiku ano ndikapatsidwa mwayi wotsogolera zokambirana, ndimapempha aliyense kuti alembe maganizo ake pa kapepala tisanayambe kulankhula, ndipo wamkulu pa udindo ndimamupempha mwaulemu kuti alankhule pomaliza. Nthawi yoyamba imene tinachita zimenezi, timapepala tiwiri tinatsutsa ganizo limene ndinkayesa kuti aliyense akulifuna, ndipo kamodzi mwa ito kanali ka mnzathu amene kwa chaka chathunthu sindinamumvepo akutsegula pakamwa pa msonkhano.