Nyemba khumi madzi asanawire

Mwezi wa Novembala chaka chatha tulo tinandithawa. Ndimagula mbatata ya kachewere kwa alimi a ku Tsangano ndi kuno ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, n'kumaitumiza ku Tete. Ulendo wina galimoto inafera panjira, kumunsi kotentha kuja, matumba ambiri n'kuwola. Ngongole inanditsalira, ndipo usiku ndinkangowerengera ma metikali m'mutu mpaka tambala kulira.

Kuchipatala anandiyeza kawiri, masiku osiyana. Anamwino anati, "Mayi, BP yanu ili pa 150 ndi 95. Ikafika 140 ndi 90 timati yakwera." Anandipatsa mapilitsi, nandiuza kuti ndichepetse mchere. Ndikutuluka anawonjezera kuti tsiku lililonse ndizipeza kamphindi kokhala chete n'kumamvetsera mpweya wanga. Anandifotokozera kuti munthu akamatulutsa mpweya pang'onopang'ono mtima umayamba kugunda modekha, thupi n'kusiya kukhala ngati likuthamangitsidwa.

Ndinkaona ngati zimenezi n'za anthu opanda ntchito. Anandilimbitsa mtima ndi bambo a kunyumba. "Amayi, si paja a Chissano ankachita zomwezi?" Zoonadi, a Joaquim Chissano, amene analamulira dziko lino kuyambira 1986 mpaka 2005, ankakhala chete mphindi 20 kawiri patsiku, ndipo m'zaka za m'ma 1990 analimbikitsa kuti asilikali ndi apolisi aziphunziranso. Iwo ankabwereza mawu ena chamumtima, ine ndinasankha za mpweya.

Poyamba ndinalakwitsa. Ndinamva ngati akuti ndisinkhesinkhe, ndiye ndinkakhala pamphasa n'kumasinkhasinkha za ngongole yomwe ija! Kenaka ndinayesa kuthamangitsa maganizo onse, koma ankabwera ochuluka kuposa kale. Mwana wanga wamkazi ndiye anandiwerengera pafoni za maphunziro amene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 ku Massachusetts ku America, a milungu 8, ophunzitsa odwala kuthana ndi ululu ndi nkhawa. Zimene ndinatolapo n'zakuti maganizo sathamangitsidwa. Ukazindikira kuti wasochera, umangobwerera ku mpweya osadzikalipira. Nanenso ndinadzipatsa milungu 8.

Ndimachita chonchi. Ndikadzuka ndimasonkhezera mbaula n'kuteleka madzi osamba. Ndimakhala pakhonde, msana nditatsamiritsa kukhoma, m'dzanja lamanja muli nyemba 10. Ndimakoka mpweya ndi mphuno ndikuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa ndikuwerenga mpaka 6. Ndikapuma chonchi ka 6 ndiye kuti mphindi imodzi yakwana, ndipo ndimasuntha nyemba imodzi kupita kumanzere. Nyembazo zinandithandiza kwambiri, chifukwa ndikamadalira foni ndinkangoisuzumira, kenaka ndapezeka ndikuyankha mauthenga a makasitomala. Mlungu woyamba ndinayamba ndi nyemba 5 zokha, ndipo zinali zokwanira.

Nyemba yachitatu isanasunthe, mtima umakhala wafika kale ku Zóbuè, ukufunsa ngati dalaivala wadutsa. Ndimangoti chamumtima, "ndaona, ndi nkhawa," n'kubwerera pomwe mimba ikufufuma ndi kuphwa. M'mawa umodzi ndimatha kubwerera ka 20. Kale ndikanati ndalephera. Pano ndimadziwa kuti kubwererako ndiye ntchito yake.

Mlungu wachitatu tinali ndi maliro kumudzi, ndinakhalako masiku 6, ndipo nditabwerako ndinangosiyiratu. Panapita pafupifupi mwezi. Chinandibweza n'chakuti madzi ndimateleka tsiku ndi tsiku, kaya ndili ndi mphamvu kaya ndilibe. Ndinaika nyemba zija m'kachitini pambali pa thumba la makala, kuti dzanja likamatapa makala lizikhudzanso kachitiniko. Kuyambira pamenepo sindinadalirenso kukumbukira. Ngakhale m'kuzizira kwa Juni, kuno ku Angónia mame akachita kuluma zala, ndimadzifunda bulangete n'kukhala.

Choyamba kusintha chinali tulo. Ndikadzidzimuka pakati pa usiku ndimapuma mowerenga muja, nthawi zambiri n'kugonanso. Chachiwiri anachiona ndi ana, akuti sindikalipanso pa zinthu zazing'ono. BP inatsika, koma pamenepa ndinene mosabisa: mapilitsi ndikumwabe, mchere ndinachepetsa, ndipo kuchipatala ndimapita pa tsiku limene andiuza. Kukhala chete kumathandizira, sikulowa m'malo mwa mankhwala. Zimandipweteka ndikamva mnzanga wasiya mapilitsi poti akupezako bwino, chifukwa BP imakwera mwakachetechete mpaka kugwetsa munthu ndi sitiroko. Ndipo amene akakhala chete amakumbuka zoopsa zimene anaziona, monga ena mwa akuluakulu athu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, asadzikakamize. Atsegule maso, aimirire, akafotokozere achipatala.

Apongozi anga anandipeza pakhonde tsiku lina nditatsinzina. Anaima kanthawi, kenaka anafunsa, "Kodi mukupemphera?" Ndinati ayi, ndikungopuma, pemphero ndiyamba ndikatha. Mawa lake anabwera ndi mpando wawo, ndipo ndinawagawira nyemba 5.